Simu Ija Isatsale kwa Amalume Ako

Migowi, Lachinayi masana

Tamanda mwanangu,

Ndikulemba kalatayi iwe uli koluka tsitsi kumsika. Ndikudziwa kuti pobwera upeza nyumba itadzaza anthu odzakutsanzika, ndiponso ndikudzidziwa ndekha. Ndikayamba nkhaniyi pakamwa ndikweza mawu, iwe uyang'ana kudenga monga umachitira, bambo ako atuluka kukaona nkhuku zomwe zilibe vuto lililonse. Ndangofika kumene kuchokera ku Mkhumba, kwa amalume ako. Fumbi la njinga ya kabaza likadali m'mapazi ndipo mtima sunatsike. Ukaona zilembo zikupendekeka, usadabwe.

Dzulo ndinakufunsa chifukwa chake foni yako sikupezeka, iwe n'kundiyankha mopepuka ngati ukunena za mchere: "Simu ndinawasiyira amalume." Tamanda! Mwana amene wakhoza mayeso mpaka kupeza malo pa yunivesite ya ku China, mawa akukwera ndege, n'kusiya simu yake ku Mkhumba? Sindinayankhe nthawi yomweyo chifukwa panali alendo.

Ndikudziwa m'mene zinayendera Lamlungu lija, ngakhale ine ndinali kuseri kugawa kalongonda. Kwathu munthu akamapita kutali amagawa zake, ndipo sindinaletse. Bulangete unapatsa msuweni wako, nsapato za kusekondale zinapita, njinga inapita. Kenako amalume ako a Fanuelo anakhosomola pang'ono monga amachitira akafuna chinthu, nati, "Nanga lainiyo ukupita nayo kukatani? Kumeneko ali ndi zawo. Mavenda onse a nandolo amadziwa nambala yakoyi, ukaichotsa ife tigulitsa bwanji chaka chino?" Iwe unagwada, n'kutsegula foni, n'kuwapatsa. Sananame ayi. Pa tchuthi ndiwe wakhala ukukambirana mitengo ndi mavenda, ndipo nambala yako ndi imene ili m'mafoni mwawo. Kugwadako ndinakuphunzitsa ndine. Koma simu si bulangete, mwanangu. Simu si bulangete.

Mvetsera bwino. Ku China anthu salipira ngati kuno. Kuno umapita kwa ejenti, kumupatsa ndalama, iye n'kuziika mu laini yako. Kumeneko umaika apu yolipirira mu foni, n'kuilumikiza ku khadi ya kubanki. Pa sitolo, m'basi, pa kantini, ngakhale pa mayi wootcha chimanga, pali kachithunzi ka timabokosi takuda. Umakaloza ndi foni, ndalama n'kuchoka. Ndalama zapepala amalandira, koma ambiri alibe chenji, amakuyang'ana ngati wabwera ndi mbuzi kudzagula sopo. Ndalama za sikolashipu sizidzayamba tsiku lofika, ndipo akaunti ya banki ya kumeneko sungatsegule usanalandire mapepala a sukulu. Milungu yoyambayo udzadya ndi khadi ya kuno. Tsono banki ya kuno, isanalole khadiyo kugwira ntchito pa apu, imatumiza uthenga wa manambala otsimikizira kuti ndiwedi. Imautumiza kuti? Ku nambala imene unalembetsa. Ku simu. Ku Mkhumba.

Zimenezi sindinachite kuwerenga, ndinazidutsamo ndi miyendo yanga. Ukukumbukira chaka chija kuntchito ananditumiza ku dziko lomwelo kukachita maphunziro a ulimi wothirira, iwe ukadali kusekondale. M'gulu lathu lonse panalibe amene anakonzeka kuposa ine. Pasipoti ndinajambulitsa makope, mankhwala a mutu ndi a m'mimba ndinatenga, ngakhale singano ndi ulusi. Ndinapitanso kubanki, n'kukhala pampando, n'kufunsa mtsikana wa pakauntala kuti, "Pali chinanso choti ndidziwe?" Iye anamwetulira nati, "Palibe mayi, khadi yanu imagwira paliponse." Paliponse! Mawu amenewo mpaka lero ndikawakumbukira makutu amandiotcha. Sananene kanthu za simu. Choncho simu ndinawasiyira achimwene omwewa, pa chifukwa chomwechi cha nandolo, pakuti nthawi imeneyo mavenda ankadziwa nambala yanga.

Tsiku loyamba ku kantini mnzanga wina wa ku Zambia, dzina lake Mutinta, anandithandiza kuika apu ija. Ndinalemba manambala a khadi mosamala, n'kubwerezanso kuwaona. Kenako foni inati ndilembe manambala amene atumizidwa ku laini yanga. Ndinabwereka foni ya Mutinta, podziwa kuti kuimba kuchokera kumeneko kumadya mayunitsi ngati moto wa m'tchire, n'kuimba ku Mkhumba. Kumeneko anali masana, kuno kunali kukucha kumene. Achimwene sanapezeke. Anali atapita kumaliro cha ku Fort Lister, pakati pa mapiri paja netiweki imasowa. Mbale ya mpunga inali kale m'manja mwanga. Ndinaibweza, anthu akuona.

Mawa lake ndinawapeza. Ndikulembera m'mene tinalankhulira kuti usaganize kuti mayi ako akukokomeza.

"Achimwene, mu foni mwalowa uthenga, ndiwerengereni manambalawo msanga."

"Moseliwa, amake Tamanda? Mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Ndadzuka. Manambala, achimwene."

"Ife tadzuka, koma mlamu wanu mwendo uja wayambanso. Maliro tinaika bwino, anthu anabwera ndithu. Kodi kumeneko mvula ikugwa?"

"Achimwene, manambala!"

"Aa! Mwangopita dzana lomweli, moni mwaiwala kale?"

Anati ndidule kaye kuti aone bwino, chifukwa kafoni kawo sikalola kulankhula ndi kuwerenga nthawi imodzi. Anakasaka magalasi. Pamene ndinaimbanso, manambala aja anali atatha mphamvu, pakuti amakhala mphindi zochepa chabe. Ndinapempha ena. Achimwene anandiwerengera mwaulemu, imodziimodzi, akubwereza kuti ndisaphonye, koma anali a uthenga wakale uja. Ndinapempha enanso, iwo n'kuwerenganso akale. Banki inaona ngati khadi ili m'manja mwa mbava, n'kuitseka. Ndikamanena kuti simu isatsale, Tamanda, ndikunena zimenezi. Amalume ako si munthu woipa. Ndi munthu amene sangayambe nkhani asanapereke moni, ndipo manambala aja sadikira moni.

Ndinaimbira banki. Anandiyankha bambo wa mawu ofatsa, nati, "Mubwere nokha ku nthambi yathu ndi chiphaso." Ndinati, "Bambo, ndili ku China." Iye anati, "Chabwino mayi, mukabwera mudzatipeze." Anandifunira tsiku labwino. Ndalama zanga, za thukuta langa la m'madimba a Phalombe, zinali m'banki mwawo zikugona, ine ndili kutsidya kwa dziko ndikuwerenga mabisiketi a m'ndege. Usayembekeze kuti banki idzakumvera chisoni uli kutali. Kwa iwo ukhala mawu a mu foni basi.

Milungu yonse yotsalayo ine, mayi wa digiri, woyang'anira alangizi anzanga kuntchito, ndinkadikira Mutinta amalize zake kuti andigulire madzi. Anali munthu wabwino, sanadandaulepo, ndipo ndinkamubwezera ndi madola amene ndinanyamula. Koma kupempha tsiku ndi tsiku kumachepetsa munthu. Ndinayamba kunena kuti sindikumva njala. Anzathu akamapita kukaona mzinda, ine ndinkati mutu ukundipweteka. Unandifunsa nditabwera chifukwa chake ndinaonda, ndinakuyankha kuti zakudya zawo sindinazizolowere. Zakudya zawo zinalibe mlandu.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi. Kumalo kumene tinkagona kunabwera bambo wina wa ku Malawi konkuno, wochita malonda, amene wakhala kumeneko zaka zambiri. Anabwera ngati kudzalonjera akumudzi. Atamva vuto langa anati, "Mayi musavutike, ife tilipo. Ndipatseni madola anuwo, ine ndizikulipirirani pa foni yanga." Ndinasangalala kumva Chichewa, ndinaonanso kuti ndimupumitsa Mutinta, ndiye ndinavomera. Mtengo wosinthira ankaupanga yekha, ine n'kumangovomera. Zimenezo ndikanapirira. Koma posakhalitsa anayamba kudziwa kulikonse ndapita ndi chilichonse ndagula, n'kumaimba nthawi zosayenera. Tsiku lina anandiuza akuseka kuti, "Tiyeni tikadye awiri, paja popanda ine simudya." Ndinamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kumuuza kuti andibwezere zotsala pomwepo. Ananena zimenezo kwa ine, Tamanda, mayi wa ana, mphete ili pachala, imvi zitayamba. Nanga kwa iwe, mtsikana wongotuluka kumene kusekondale, adzanena chiyani? Munthu amene amakulipirira chakudya amayamba kuganiza kuti wagula ndi zina zomwe. Usalole munthu aliyense akhale foni yako, kaya ndi wa kwathu, kaya amapemphera, kaya amadziwa agogo ako. Iwenso usakhale foni ya munthu. Wina akadzati, "Ndilandirireko ndalama pa akaunti yako," udzakane, chifukwa zikakhala zonunkha dzina lolembedwa ndi lako.

Za dzina nazo. Ndisanafike ngakhale pa manambala aja, apu inayamba yandikana chifukwa ndinalemba dzina monga ndimasainira kuntchito, pamene pasipoti ili ndi dzina langa lapakati lomwe sindiligwiritsa ntchito. Makina aja sadziwa kuti ndiwe mwana wa ndani. Amafuna chilembo ndi chilembo monga zilili mu pasipoti, ndipo adzakuuza kuti ujambule pasipotiyo ndi nkhope yako. Ndinaona khadi yako dzana uli kosamba, ndipo sindikupepesa. Dzina lako lapakati analidula n'kusiya chilembo chimodzi. Mawa tikafunse kubanki ngati zimenezo sizidzakuvutitsa, ndipo tikafunse munthu wamkulu, osati womwetulira.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, khadi ya kunja siili ngati ya eni dziko. Ndinaziona pa Mutinta. M'masitolo akuluakulu inkagwira, koma kwa ogulitsa ang'onoang'ono ena inkakana, ndipo kutumizira mnzako ndalama siinkalola. Akagula chinthu chokwera mtengo ankamudulanso kena kapamwamba. Tsono khadi ikakana usayambe kudina kawirikawiri ngati ukuitana munthu wogontha. Ikakana kamodzi, kawiri, isiye, lipira ndi ndalama zapepala, ukafufuze uli pansi. Kudina mopupuluma ndiko kumatseketsa khadi. Mawa tikafunsenso kuti banki imalola ndalama zakunja zochuluka bwanji pa mwezi, pakuti ukudziwa m'mene madola akuvutira m'dziko muno. Usakadzidzimuke uli pamzere.

Ndipo usadzandisekenso za chitenje. Unandiseka mlungu watha pamene ndimakuonetsa pomanga ndalama, unati zimenezo n'za azimayi a kumsika. Tsiku lina ine ndi Mutinta tinapita kukagula mphatso za ana, ndipo pobwerera foni yake inazima tili pa siteshoni ya sitima. Anthu awiri akuluakulu, foni yolipirira imodzi, yakufa. Tikiti inali mu foni, mapu mu foni, ngakhale dzina la malo amene tinkagona linali mu foni. Chinatipulumutsa ndi kandalama kapepala ka kumeneko kamene ndinamanga pansonga ya chitenje, ndi kakhadi ka adiresi kamene ndinatola pakhomo tsiku lofika, anzanga akundinena kuti ndimatola zilizonse. Ndakuikira pawabanki yotchajira foni m'chikwama chaching'ono, osati chachikulu. Uziitchaja ngakhale ukuona ngati ili ndi moto. Ukangofika pa bwalo la ndege usinthe madola pang'ono, upemphe ndalama zing'onozing'ono, uzisunge pathupi.

Tsopano za simu yomweyi, pakuti kungoinyamula sikukwanira. Mawa tisanapite ku bwalo la ndege tidutsa ku ofesi ya kampani ya foni kuti akatsegule laini izilandira mauthenga uli kunja. Tinyamuka kusanache chifukwa cha zimenezi, ndipo bambo ako adandaule m'mene angathere. Foni yako ili ndi malo a simu ziwiri. Ya kuno ikhale m'malo mwake, ya kumeneko ilowe kwinako. Pa ya kuno uzimitse intaneti, ndipo wina akaimba usayankhe, mayunitsi angathe usanamalize moni. Ntchito yake ndi imodzi, kulandira mauthenga a banki. Ine ndiziikamo mayunitsi mwezi ndi mwezi kuti isafe, chifukwa laini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaipereka kwa munthu wina, ndipo munthu winayo ndiye azilandira manambala ako. Ngakhale utatsegula akaunti ya kumeneko, simuyi usaitaye, usaibwereketse, usaiike m'thumba la jini lopita kochapa.

Manambala aja usauze munthu. A banki enieni safunsa manambala amenewo pa foni. Taganiza simu ikanatsala ku Mkhumba, wina n'kuimba ndi mawu aulemu, kuyamba ndi moni wonse, kufunsa za mwendo wa azakhali ako, kenako n'kunena kuti, "Ndife akubanki, tikufuna kuthandiza mwana wanu ali kunjayo, tiwerengereni uthenga walowawo." Ukuganiza kuti amalume ako akanakana? Akanasaka magalasi mothamanga, ndipo ulendo umenewo akanawerenga olondola.

N'chifukwa chake m'mawa uno, m'malo mopita kuntchito, ndinakwera kabaza kupita ku Mkhumba. Amalume ako ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Moni ndinapereka wonse, sindinadumphe ngakhale nkhuku. Kenako ndinanena chimene ndabwerera.

"Mwana anandipatsa yekha, atagwada," anatero. "Mwayamba kulanda mphatso, amake Tamanda?"

"Sanadziwe chimene amapereka, achimwene. Ine ndikudziwa. Mwaiwala za ulendo wanga uja?"

"Uja munalakwa ndinu, mumandithamangitsa ngati ndikuba. Pano ndinaphunzira. Magalasi ndimayenda nawo m'thumba, onani."

Anawatulutsadi, Tamanda, omanga ndi ulusi mbali imodzi. Pang'ono ndiseke, pang'ono ndilire. Ndinawauza kuti tipite limodzi kuno ku Migowi akalembetse laini yawoyawo, ndipo ine ndiyenda ndekha pa sikelo iliyonse kuuza mavenda nambala yatsopano. Nandolo sizigona m'nyumba chifukwa cha simu.

"Si za nandolo," anatero. "Ine ndine mwinimbumba. Mwanayu akadzapeza banja mudzandiitana ine kuti ndikalankhule. Koma kachinthu kochepa ngati chikhadabo, ayi, Fanuelo sangasunge. Sukulu inakupatsani nzeru zambiri."

Ndinati, "Mwana akagona ndi njala kunja, mbumba yake ndi iti imene idzamutumizire chakudya?" Mawu amenewo ndinawakweza, sindikana. Mlamu wanga anatuluka m'khitchini n'kubwereranso.

Kenako achimwene anatsegula kafoni kawo, n'kutokosa simu ndi nsonga ya singano yosokera thumba ija. Ndinatambasula manja onse awiri kuti ndilandire. Sanandipatse m'manja. Anaiika pamphasa, pakati pa ine ndi iwo, nati, "Mawa mumuperekeze nokha." Ndinaitola pansi ngati nkhuku, n'kutsanzika, iwo n'kubwerera pa thumba lawo.

Ndiye ukaona madzulo ano mpando wa amalume ako uli wopanda munthu, usafunse pagulu, chifukwa chake ndi chimenechi. Mkwiyo wawo uli pa ine, ndipo ine ndi achimwene tinayamba kukangana iwe usanabadwe. Ndidzapita ndi shuga, ndidzakhala pansi, adzanditukwana, zidzatha, laini yawo tidzalembetsa. Zimenezo si katundu wako. Chimene ndikuopa n'chakuti akhoza kusintha maganizo n'kutulukira mawa m'mawa pa siteji ya minibasi atavala jekete yawo ya kutchalitchi, iwe n'kumva chisoni, n'kugwadanso. Gwada, Tamanda. Gwada mpaka mawondo ade, uwagwire dzanja, ulire ngati misozi ibwera. Koma foni ikhale m'chikwama.

Simu ndaikulunga m'kapepala, ili m'kachikwama ka pasipoti, kuseri kwa chithunzi chathu chija. Ukangowerenga kalatayi uyiike mu foni, usanasambe, usanalonjere alendo, undibweretsere ndione ndi maso anga kuti yalowa. Ukhoza kuyang'ana kudenga m'mene ungafunire.

Ukafika, apu ikalumikizika, ugule botolo la madzi ndi foni yako, wekha, popanda woima pambali kukudikira. Ukamwa, usayambe kuimbira ine. Uimbire amalume ako pa laini ya kumeneko, ndidzakutumizira nambala yawo yatsopano. Udzayambe ndi moni. Uwafunse m'mene adzukira, ufunse za mwendo wa azakhali ako, za mvula, za mbuzi, za mtengo wa nandolo pa Migowi. Uwasiye alankhule mpaka atope. Tsiku limenelo sipadzakhala manambala othamangira.

Uyende ndi Mulungu, ndi simu yako.

Ndine mayi ako